Suti ya Tsiku la Mjaho wa Akavalo: Mafunso ndi Mayankho kwa Abambo

Amalawi ambiri okhala ku South Africa ndi ku Britain, tsiku lina amangolandira uthenga wowaitanira ku mjaho wa akavalo. Mwina abwana agulira antchito matikiti, mwina alamu akufuna kukakondwerera kumeneko tsiku lawo lobadwa. Masewerawa kwathu sitinakule nawo, ndiye mutu umayamba kuzungulira ndi nkhani ya zovala, za akavalo zisanabwere n'komwe. Nawa mafunso amene abambo amafunsa kawirikawiri. Mayankho ake onse aima pa mfundo imodzi: chovala chabwino ndi chimene chagwirizana ndi malo, nyengo ndi thupi la mwiniwake. Mtengo umabwera pambuyo.

N'chifukwa chiyani anthu amatchena chonchi pongokaonera akavalo akuthamanga?

Mwambowu unachokera ku England, kumene mjaho unali masewera a mafumu ndi anthu achuma. Bwalo la Ascot, pafupi ndi Windsor, anayambitsa ndi Mfumukazi Anne mu 1711, ndipo mpaka lero, pa Royal Ascot mwezi wa Juni, a banja lachifumu amalowa m'bwalomo pa ngolo zokokedwa ndi akavalo 2 koloko masana. Kumene kuli mfumu munthu sapitako ndi zovala zakumunda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Beau Brummell, bwenzi la kalonga yemwe anadzakhala Mfumu George IV, anafalitsa kavalidwe kosachulutsa zokongoletsa: nsalu yabwino, yosokedwa mokwana thupi, ndi malaya ochapa bwino. Angerezi popita maiko ena ananyamula akavalo ndi kavalidwe komwe. Melbourne Cup ya ku Australia inayamba mu 1861, Durban July mu 1897, ndipo ku Harare kuli bwalo la Borrowdale Park. Chifukwa china n'chapafupi. Mpikisano umodzi umatha pa mphindi zochepa chabe, kenako anthu amadikira pafupifupi theka la ola kuti wina uyambe. Nthawi yonseyo ndi yocheza, kudya, kuyendayenda ndi kuonana. Kuvala bwino pamenepo ndi ulemu kwa amene wakuitanani.

Kodi suti ndi lamulo pa bwalo lililonse?

Ayi, ndipo ambiri amasochera pomwepa chifukwa zithunzi za m'nyuzipepala zimangoonetsa azibambo a zipewa zazitali. Lamulo limatengera bwalo, tsiku, komanso chigawo chimene chalembedwa pa tikiti yanu. Royal Ascot yokha, yomwe imachitika masiku asanu kuyambira Lachiwiri mpaka Loweruka, ili ndi zigawo zinayi. Mu Royal Enclosure salowetsa bambo wosavala morning dress. Mu Queen Anne Enclosure amafuna suti yonse, jekete ndi buluku za nsalu imodzi, shati ya kolala ndi tayi wamba yaitali. Mu Village Enclosure jekete ndi tayi zimafunikabe koma afewetsako, pomwe mu Windsor Enclosure mulibe lamulo lokhwima, amangopempha kudzisamalira. Mu 2023 bungwe la The Jockey Club linachotsa malamulo a kavalidwe pa mabwalo ake 15, kuphatikizapo Cheltenham ndi Aintree, kupatula Queen Elizabeth II Stand ku Epsom pa tsiku la Derby. Komabe anthu ambiri kumeneko amatchenabe mwa kufuna kwawo. Tsono musanagule kanthu, werengani tikiti, onani malamulo a chaka chimenecho pa intaneti, ndipo funsani wokuitanani kuti mukakhala pati. Malamulo amasinthasintha, ndipo safunsa anadya phula.

Nanga morning dress n'chiyani? Ndigule kapena ndibwereke?

Ndi chovala cholemekezeka kwambiri cha masana kwa abambo ku Britain. Jekete lake limamangidwa ndi batani limodzi, kutsogolo analidula mokhota kuchokera pamimba, kumbuyo n'lalitali kufika kuseri kwa mawondo. Analidula choncho kuti munthu akakwera kavalo lisamamukole m'miyendo. M'kati mumavala wesikoti ndi tayi, kumutu chipewa chachitali chakuda kapena chotuwa, kumapazi nsapato zakuda. Jekete likakhala lakuda, buluku limakhala lotuwa lamizeremizere, ndipo ena amasankha zonse zotuwa. Kuyambira 2021 Ascot inalolanso mtundu wa buluu wodera. Buluku lake limakwera pamwamba pa chiuno ndipo limagwiridwa ndi malamba a m'mapewa, kuti shati isaonekere pakati pa wesikoti ndi buluku. Musasokoneze chovalachi ndi tuxedo. Imeneyo ndi ya usiku, ndipo tayi yake yagulugufe saloleza mu Royal Enclosure. Ngati mukupita kamodzi kokha, bwerekani, palibe chamanyazi. Sitolo ya Moss Bros yakhala ikubwereketsa zovala zotere kuyambira 1897, ndipo Angerezi eni ake ambiri amabwereka. Kugula kumapindula kwa munthu amene adzivala chaka ndi chaka.

Ndisankhe nsalu yotani?

Nsalu amasankha ndi nyengo, osati maso okha. Mudzakhala panja maola asanu kapena kuposa, nthawi yambiri muli chilili. Cheltenham Festival imachitika mu Malichi, masiku anayi, akavalo akudumpha mipanda, mphepo yozizira ikutsika m'phiri la Cleeve Hill, mvula ikuwaza. Kumeneko anthu amavala tweed, nsalu yokhuthala ya ubweya wa nkhosa yolemera magalamu 400 kapena kuposa pa mita, ndi chikhoti pamwamba. Yotchuka kwambiri ndi Harris Tweed, yolukidwa pamanja pa zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, ndipo dzina lake limatetezedwa ndi lamulo la 1993. Ku Goodwood, kumapeto kwa Julayi ndi kumayambiriro kwa Ogasiti, kumakhala dzuwa, ndiye kumayenda linen ndi thonje. Linen imapitisa mphepo koma imakwinyika msanga. Amene makwinya amamusowetsa mtendere asankhe yosakaniza ndi ubweya. Cape Town Met ku Kenilworth imachitika mu Januwale kukutentha, choncho nsalu ikhale yopepuka. Durban July ku Greyville, Loweruka loyamba la Julayi, imagwera m'chisanu cha kunyanja: masana kofunda bwino, madzulo kozizirirako, ndipo chisangalalo chimapitirira mpaka usiku. Ngati ndalama ikukwana suti imodzi yokha, tengani ya ubweya wopepuka wa magalamu 250 mpaka 280. Kukazizira muonjezere wesikoti, kukatentha muisiye kunyumba.

Ndili ndi suti yakuda. Si yokwanira kulikonse?

Ambiri tinakula tikudziwa kuti suti yakuda imalowa paliponse, koma ku mjaho imakhala yomaliza kusankhidwa. Kumaiko amenewa suti yakuda ndi ya maliro ndi maphwando a usiku. Padzuwa imakoka kutentha, imaonetsa fumbi lililonse, ndipo ikakhala ya nsalu yotsika imatuwa poyera. Mitundu iwiri yosakhumudwitsa ndi buluu wodera ndi yotuwa. M'chisanu mumatha kutenga yabulauni kapena yobiriwira modera yamandalasi, m'chilimwe yakhaki, yabuluu wowala kapena yakirimu. Khungu lathu lakuda limalandira bwino mitundu imeneyi, kotero palibe chifukwa chobisalira m'zakuda zokhazokha. Yoyera mbee muiganizire kawiri: pali udzu, matope ndi khamu la anthu onyamula zakumwa. Komabe pali malo amene chakuda ndicho mwambo. Pa Derby Day ku Flemington, mumzinda wa Melbourne, anthu amavala zakuda ndi zoyera. Ngati yakudayo ndi yokhayo imene muli nayo, musataye mtima kapena kulowa ngongole. Ipepuzeni ndi shati ya buluu wowala, tayi ya mtundu wamoyo ndi kampango koyera m'thumba la pachifuwa.

Ndidziwa bwanji kuti suti yandikwana?

Ili ndiye funso lalikulu kuposa onse, ndipo limayankhidwa muli pagalasi, mutavala shati ndi nsapato zomwe mudzavale tsikulo. Yambani ndi mapewa. Imani chammbali pafupi ndi khoma, manja ali pansi, n'kutsamira pang'onopang'ono. Phewa la jekete likayamba kugunda khoma n'kupindika mkono wanu usanafike, jeketelo lakula. Msoko uyenera kuthera pomwe fupa la phewa lathera. Kenako mangani batani n'kulowetsa dzanja lotambasula pakati pa chifuwa ndi jekete. Lilowe bwino koma lisasambire. Nsalu ikamakoka mizere kuchokera pabatani kupita mbali zonse, lathina. Tembenukani muone kumbuyo kwa khosi: kolala ya jekete igone pa kolala ya shati popanda mpata. Tsitsani manja, shati isuzumire pafupifupi sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka kunsi kwa mkono wa jekete. Kumbuyo jekete litsike mpaka pamene miyendo yayambira. Buluku lingokhudza nsapato n'kupindika kamodzi, osati kuunjikana pa akakolo. Mukatero musathamangire kuvula. Khalani pampando, imirirani, kwezani manja ngati mmene mudzachitire kavalo wanu akadzatsogola. Telala wabwino, ndi choko chake ndi mapini kukamwa, amatha kufupikitsa manja, kuchepetsa m'chiuno ndi kupinda buluku. Mapewa okha ndi ovuta komanso odula kukonza. Choncho gulani mapewa, zinazo musiyire telala.

Kodi suti yodula ndiye yabwino?

Osati nthawi zonse. Suti ya mtengo wapakati yokonzedwa ndi telala imaoneka bwino kuposa yodula yolendewera. Ogulitsa amakonda kuloza manambala ngati Super 150s kapena Super 180s. Manambala amenewo amangonena kuonda kwa ulusi wa ubweya, sanena za kulimba kapena kasokedwe. Ulusi ukaonda kwambiri nsalu imafewa, koma imakwinyika ndi kutha msanga. Ya tsiku lonse panja, Super 100s mpaka 120s ndi yokwanira. Chenjerani ndi suti yonyezimira ya polyester. M'sitolo imakopa, koma padzuwa imatsekera thukuta m'kati, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yesani nsalu ndi dzanja: fumbatani mkono wa jekete mwamphamvu kwa kanthawi n'kuusiya. Ubweya wabwino umadziongola wokha. Ndipo amene anazolowera kusankha pa kaunjika ali ndi luso lomwe lingamuthandize m'masitolo a zovala zakale ku Britain ndi ku South Africa, momwe mumapezeka masuti a ubweya weniweni pa mtengo wotsika. Ikwezeni pa kuwala muone ngati njenjete sizinaboole. Yang'anani m'khwapa, m'zigongono ndi pokhalira ngati sipanapelepeseke. Tembenuzani buluku muone ngati msoko wa kumbuyo uli ndi nsalu yotsala yoti telala angakulitsire.

Shati, tayi ndi kampango ndizigwirizanitse bwanji?

Chimodzi chokha ndicho chilankhule mokweza, zinazo zivomereze. Suti ikakhala yamandalasi, shati ikhale yosalemba ndipo tayi ikhale yodekha. Suti ikakhala yosalemba, tayi ili ndi ufulu. Shati yoyera kapena ya buluu wowala imagwirizana ndi chilichonse, ndipo kolala yake ilole zala ziwiri kulowa mutamanga batani. Nsonga ya tayi ifike pa chitsulo cha lamba, osati pamchombo kapena kupitirira. Chikhulupiriro chofala n'chakuti kampango ka m'thumba kayenera kufanana ndendende ndi tayi, chifukwa m'masitolo amazigulitsa mu bokosi limodzi. Odziwa kuvala amapewa zimenezo. Kampango kangotola mtundu umodzi wa mu tayi kapena mu shati, kapena kakhale koyera kopindidwa bwino. Duwa la pa jekete nalo lili ndi malo ake. Ku Flemington tsiku lililonse lili ndi lake, ndipo la Melbourne Cup, Lachiwiri loyamba la Novembala, ndi rozi lachikasu. Mukaika duwa, kampango kachepe mawu.

Za nsapato ndi masokosi n'zofunikadi kuziganizira?

Kwambiri, chifukwa tsiku la mjaho limathera m'mapazi. Mumayenda kuchokera kusiteshoni kapena koimika magalimoto, kupita koonetsera akavalo asanathamange, kubwerera kumpanda, kukwera masitepe, kangapo konse. Nsapato yatsopano yongotuluka m'bokosi imatupitsa matuza tsiku lisanafike pakati. Ivaleni m'nyumba ndi kuntchito kwa sabata ziwiri kuti ifewe. Ndi morning dress, nsapato ndi yakuda yazingwe basi. Ndi suti ya buluu kapena yotuwa, yakuda ndi yabulauni zonse zimatheka, ndipo ndi tweed yabulauni yolimba ndiyo imakhala bwino. Pa udzu wonyowa, ya mphira kunsi imagwira pansi kuposa ya chikopa. Ya suede mvula imaiwononga. Lamba afanane mtundu ndi nsapato, ndipo polishi apakidwe dzulo lake. Fashoni yovala nsapato popanda masokosi ku Ascot anaikana: kuyambira 2018 lamulo limafuna masokosi ophimba akakolo. Sankhani aatali a mtundu wa buluku, oti mukakhala pansi n'kupingasa miyendo khungu lisaonekere.

Chipewa n'chokakamiza?

Pokhapokha pamene pafunika morning dress. Kwina konse ndi kufuna kwanu, ngakhale kuti chimathandizadi pa dzuwa ndi pa chisanu. Ku Goodwood chipewa cha Panama chinakhazikika kuyambira masiku a Mfumu Edward VII, amene anayamba kupitako atavala zopepuka. Dzina lisakunamizeni: chipewachi chimalukidwa pamanja ku Ecuador ndi mlaza wa chomera chotchedwa toquilla. Ku Cheltenham amakonda kapusi yafulati ya tweed kapena trilby yabulauni. Yezani mutu ndi tepi ya telala, mozungulira pamphumi ndi pamwamba pa makutu, kuti mudziwe saizi yanu m'masentimita. Chipewa chothina chimapweteketsa mutu, cholobodoka chimapita ndi mphepo, makamaka ku Cape Town kumene mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imaomba mwamphamvu m'chilimwe. Chachitali chija chimakhala chowongoka pamutu, chopendekera kutsogolo pang'ono, osati kunkhongo. Polowa m'chipinda chodyera, vulani. Umenewo ndi ulemu womwe ngakhale kwathu timaudziwa.

Ku Durban July amati kuli mutu wa chaka. Kodi chitenje chingalowe?

Chingalowe bwino lomwe. Durban July, mpikisano wa mamita 2,200, ndi tsiku la akavalo komanso la mafashoni, ndipo chaka chilichonse okonza amalengeza mutu woti osoka ndi ovala autanthauzire. Ambiri amaganiza kuti mutuwo umafuna chovala chachilendo ngati cha sewero. Zimene mumaona pa TV n'za anthu otchuka ndi opikisana pa mafashoni. Bambo wamba amangotola mutuwo mu mtundu wa suti, mu tayi kapena mu wesikoti. Apa m'pamene nsalu yakwathu imawala. Wesikoti ya chitenje pansi pa suti ya buluu wodera, kampango kodulidwa ku chitenje cha mayi a kunyumba, kapena nsalu ya m'kati mwa jekete yomwe imangooneka mukamasula batani, zonsezi zimanena kumene mwachokera popanda kufuula. Uzani telala achape chitenjecho kaye asanadule, kuti chisadzafupike kapena kusuluka pa shati yoyera. Ku Royal Ascot alendo ochokera kunja amaloledwa kuvala chovala chaulemu cha dziko lawo, koma ndi bwino kuwalembera okonza nthawi ilipo n'kufotokoza chimene mukufuna kuvala. Zimene amakana ndi zovala zoseketsa, zotsatsa malonda ndi majezi a matimu a mpira.

Ndi zolakwika ziti zing'onozing'ono zimene zimaononga suti yabwino?

Choyamba ndi kansalu ka dzina la kampani kosokedwa pa mkono wa jekete. Ambiri amakasiya poganiza kuti ndi chizindikiro cha suti yeniyeni, koma kanaikidwa kuti kathandize ogulitsa m'sitolo. Kadulireni ulusi wake ndi kalumo mosamala. Chimodzimodzi ulusi wopingasa umene umatseka mpata wa kumbuyo kwa jekete: ndi wongogwirizira paulendo, ndipo ukasiyidwa jekete limatukumuka poyenda. Chachiwiri ndi mabatani. Pa jekete la mabatani awiri mumamanga lapamwamba lokha. Pa la atatu, lapakati nthawi zonse, lapamwamba mukafuna, lapansi ayi. Jekete analidula kuti likhale choncho, ndipo mukamanga lapansi nsalu imakoka m'chiuno. Pokhala pansi masulani, poimirira mangani. Batani lomaliza la wesikoti nalonso limasiyidwa, mwambo umene anthu amati unayamba ndi Edward VII. Chachitatu ndi matumba otupa. Foni, chikwama chonenepa, makiyi ndi kabuku ka ndandanda ya akavalo zikalowa malo amodzi, suti imapindika. Tengani khadi, ndalama zochepa ndi tikiti, n'kuzigawa m'matumba a m'kati.

Ndiyambe liti kukonzekera?

Zengerezu analinda kwawukwawu. Wobwereka morning dress apite kukayezetsa kutatsala mwezi ndi theka, chifukwa Juni ndi nyengonso ya maukwati ndipo masaizi amatha. Wogula suti asiye sabata zitatu za telala, kuti pakhale mpata woyesa kachiwiri. Wosoketsa yatsopano ayambe miyezi iwiri kapena itatu isanakwane. Kutatsala sabata imodzi valani zonse, kuyambira chipewa mpaka nsapato, muyendeyende nazo m'nyumba. Batani logwedera ndi kolala yothina zimaonekera pamenepo, nthawi yokonza ikadalipo. Posita suti ya ubweya, yalani kansalu konyowa pamwamba pake. Simbi ikagunda ubweya mwachindunji imasiya chinyezimiro chosachoka. Dzulo lake onani zanyengo, ndipo ngati muli ku Britain, ambulera isatsale ngakhale kutacha bwino.

Si kuononga ndalama kugulira suti tsiku limodzi?

Kungakhale kuononga mutagula yoti simudzaivalanso. N'chifukwa chake uphungu wonsewu ukukokera ku suti ya ubweya wopepuka, ya buluu wodera kapena yotuwa, yokwana mapewa. Mukabwerako ipukuteni ndi bulashi, ipachikeni pa hang'ala yotambalala, ipitidwe mphepo tsiku lonse musanaibweze mu kabati, ndipo musathamangire nayo kochapitsa nthawi iliyonse chifukwa mankhwala amafooketsa ulusi. Ikasamalidwa choncho idzakuperekezani ku chinkhoswe, ku ukwati wa mphwanu, ku tchalitchi ndi kokafunsira ntchito kwa zaka zambiri. Phindu lake loyamba mudzalionera pabwalo pomwepo. Akavalo akamakhota ngodya yomaliza, nthaka ikunjenjemera ndi ziboda, khamu lonse litaimirira, bambo amene nsapato ikumuluma kapena kolala ikumukanyanga amakhala akuganiza za thupi lake. Amene suti yamukwana waiwala kuti wavala chiyani, maso ake ali pa kavalo, ndipo akukuwa limodzi ndi amene anamuitana.